Ulendo wa ku Germany: Mbiri ya Galimoto ndi Miseu ya Liwiro

 Lero ndifuna kuti ticeze za galimoto ndi za dziko limene idabadwira. Poyamba ndiulule kuti ine ndine mmodzi wa anthu aja amene akamva kulira kwa injini amaiwala kuti nsima irikuzizira. Pamene ndinali mphunzitsi, ana a sukulu anazindikira msanga kuti akatopa ndi masamu angondifunsa za lole imene yapita pa mseu, ndipo phunziro lathera pomwepo. Cotero nditalandira chuthi ca masabata awiri, ndalama zimene ndinasunga zaka zingapo ziri m'thumba, sindinabvutike posankha kopita. Ndinapita ku Germany ndi zolinga ziwiri: kukaona nyumba zimene amasungiramo magalimoto akale, ndi kukathamanga pa miseu yao yaikulu imene amati autobahn, imene m'malo ambiri iribe malire a liwiro. Zonse ziwiri ndinazicita. Koma mbiri imene ndinaphunzira pa ulendowo inasintha maganizo anga pa nkhani ya kuthamanga, ndipo ndiyo imene ndifuna kukufotokozerani.

Cikumbutso ca m'nkhalango

Ndinatsika ndege ku Frankfurt ndi kubwereka galimoto. Bvuto loyamba linali lakuti kumeneko amayenda kumanja kwa mseu, osati kumanzere monga kwathu kuno, ndipo ciongolero ciri ku mbali ya kumanzere; dzanja langa linali kufuna-funa giya pa citseko. Nditayenda pang'ono kulowera kumwera, pa mseu wopita ku Darmstadt, ndinapatukira pa malo opumulirapo. Kuseri kwa malowo kuli kanjira kolowa m'nkhalango, ndipo kumapeto kwace kuli cikumbutso cacing'ono ca munthu wina dzina lace Bernd Rosemeyer, amene adafera pamenepo pa 28 January 1938. Ndinaima kanthawi, magalimoto alikulira kuseri kwa mitengo ngati mphepo ya mkuntho. Za munthu ameneyu ndidzanena tikafika pa nyengo yace. Tiyeni tiyambe ndi ciyambi.

Mannheim: galimoto ya magudumu atatu

Galimoto sidatuluke m'mutu wa munthu mmodzi. Mu 1876 Nicolaus Otto, pa fakitale ya Deutz pafupi ndi mzinda wa Cologne, adakonza injini yogwira nchito m'njira zinai zotsatana: imakoka mpweya wosakaniza ndi mafuta, imaupanikiza, imauyatsa kuti uphulike ndi kukankha citsulo ca m'kati, ndipo potsiriza imatulutsa utsi. Magalimoto a petulo ayenda motero kufikira lero. Koma injini ya Otto inali yolemera, yoima pamalo pamodzi, ndipo cimene cidatsala cinali kuicepetsa ndi kuiika pa magudumu.

Ku Mannheim, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, kunali mmisiri wina dzina lace Carl Benz, wobadwa mu 1844. Atate wace anali woyendetsa sitima ya pamtunda, ndipo adamwalira iye ali wa zaka ziwiri. Mai wace ndiye adabvutika pomphunzitsa sukulu. Pa 29 January 1886 Benz adalembetsa galimoto yace ku boma, kuti kudziwike kuti lusolo ndi la iye mwini, ndipo kalata ya boma ya nambala 37435 imawerengedwa lero monga kalata ya kubadwa kwa galimoto. Inali ya magudumu atatu onga a njinga, injini yace iri kumbuyo kwa mpando. Mphamvu yace inali yosafika pa ya kavalo mmodzi, ndipo liwiro lace lonse linali makilomita 16 pa ora, ndiwo mamailosi 10. Mnyamata wa pa njinga angathe kuipitirira osatuluka thukuta.

Anthu adaiona ngati coseweretsa, ndipo ogula sadaoneke. Amene adathetsa bvutoli anali mkazi wace, Bertha Benz, yemwe cuma cace ca ukwati cidalowa kale m'nchito ya mwamunayo. Tsiku lina m'mamawa, mu August 1888, mwamuna wace akali m'tulo, Bertha adatulutsa galimoto imodzi pamodzi ndi ana ace amuna awiri, Eugen wa zaka 15 ndi Richard wa zaka 13, nayamba ulendo wa ku Pforzheim kwa mai wace, mtunda woposa makilomita 100. Kunalibe malo ogulitsira petulo masiku amenewo. Mafuta atacepa, adakagula ku sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, kumene anali kugulitsa mafuta ena ocotsera litsiro pa zobvala. Paipi ya mafuta itatseka, adaitsegula ndi singano ya cipewa cace. Waya wa moto utasupuka, adaukulunga ndi lamba wa sokosi. Wosula wina adawakonzera unyolo, ndipo wosoka nsapato adakhomera cikopa pa matabwa a buleki amene adaperepeseka. Pa zitunda anyamatawo anali kutsika ndi kukankha. Adafika ku Pforzheim kutada, natumiza uthenga pa lamya kwa mwamuna wace. Atabwerera adauza Benz kuti galimoto ifunika giya ina yokwerera mapiri, ndipo iye adamvera.

Ine ndinatsata njira yomweyo, imene kuyambira 2008 iri ndi zikwangwani za dzina la mai ameneyu. Sitolo ya mankhwala ija ikalipobe ku Wiesloch, ndipo eni mudzi amanyadira kuti ndiyo malo oyamba pa dziko lonse ogulitsira mafuta a galimoto. Ulendo umene Bertha adayenda kuyambira mbandakuca kufikira usiku, lero pa autobahn munthu auyenda ngati ora limodzi. Koma mtunda umenewo adayamba kuutha ndiye, monga tsokonombwe uja adatha mtunda ndi kudumpha.

Stuttgart: kavalo pamwamba pa nyumba

M'zaka zomwezo, makilomita ngati 100 kucokera ku Mannheim, amisiri ena awiri anali pa nchito yonga yomweyo mwa iwo okha. Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach adasiya nchito ku fakitale ya Otto mu 1882, nakhazikika m'kanyumba ka m'munda wa maluwa wa Daimler ku Cannstatt, kumene tsopano ndi mbali ya mzinda wa Stuttgart. Anali kugwira nchito mobisa usana ndi usiku, kotero kuti, monga nkhani inenedwa kumeneko, wolima m'mundamo adakaitana apolisi poganiza kuti alikusula ndalama zonyenga. Apolisiwo adangopeza zitsulo za injini. Mu 1885 adaika injini yao yaing'ono pa njinga ya matabwa, ndipo mu 1886 pa ngolo ya magudumu anai yopangidwira akavalo. Daimler adamwalira mu 1900. Dzina lakuti Mercedes lidadza ndi munthu wa malonda, Emil Jellinek, amene adaitanitsa magalimoto ambiri pa pangano lakuti apatsidwe dzina la mwana wace wamkazi. Galimoto yoyamba ya dzinali idapambana pa mipikisano ya ku Nice, m'dziko la France, mu 1901. Makampani a Benz ndi Daimler, atalimbana pa malonda zaka zambiri, adaphatikizana mu 1926, pa nthawi ya mabvuto a cuma a pambuyo pa nkhondo yoyamba.

Nyumba ya zakale ya Mercedes-Benz, yotsegulidwa mu 2006, iri pafupi ndi fakitale yao. Mlendo akalowa amamkweza pa cikepe kufikira pamwamba peni-peni, ndipo citseko cikatseguka amakomana ndi kavalo woimikidwa ngati wamoyo, pakuti ulendo wa anthu udayambira pa iye. Kucokera pamenepo munthu amatsika pang'ono-pang'ono pa njira yozungulira ngati cigoba ca nkhono, zaka zirikupita pamene iye alikutsika, pakati pa magalimoto oposa 160: mabasi, malole, ozimira moto, a mafumu ndi a mipikisano. Pa khoma la njirayo pali zithunzi za zimene zinali kucitika pa dziko m'zaka zimenezo. Pofika zaka za 1933 kufikira 1945, khomalo silibisa kuti kampaniyi idapanga zida za nkhondo, ndi kuti anthu zikwi zambiri ogwidwa m'maiko ena adagwira nchito ya cibalo m'mafakitale ace.

Cipinda cimene ndinakhalitsamo ndi ca zotetezera moyo. Mu 1955, pa mpikisano wa Le Mans ku France, galimoto ya Mercedes idagunda ina ndi kuulukira pa khamu la openyerera, ndipo anthu oposa 80 adafa. Pa kutha kwa caka cimeneco kampaniyi idaleka mipikisano kwa zaka zambiri. M'nyengo yomweyo mmisiri wao wina, Béla Barényi, anali kutsutsa ciphunzitso cakale cakuti galimoto yolimba pali ponse ndiyo yabwino. Iye adaona kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuyenera kupindika msanga pa ngozi, kuti kulandire mphamvu ya kugundana, ndipo cipinda ca anthu cokha ndico cilimbe. Nzeru imeneyi idalowa m'magalimoto ogulitsa mu 1959, caka comweco cimene Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden adatulutsa lamba wa pa cifuwa ndi m'cuuno amene timabvala lero.

Kumpoto kwa mzindawo, ku Zuffenhausen, kuli nyumba ya Porsche, yotsegulidwa mu 2009. Ferdinand Porsche adapanga galimoto yoyendera magetsi imene idaonetsedwa ku Paris mu 1900. Cotero magalimoto a magetsi amene tiwayesa atsopano ali ndi zaka zoposa 120. Mwana wace Ferry ndiye adatulutsa galimoto yoyamba ya dzina la banja lao, ya nambala 356, mu 1948, m'nyumba yakale yocekeramo matabwa ku Gmünd m'dziko la Austria.

Ndani adayamba autobahn?

Kucokera ku Stuttgart ndinalowera kum'mawa kupita ku Munich, pa mseu umene udakonzedwa nkhondo yaciwiri isanayambe. Anthu ambiri amati Adolf Hitler ndiye adayamba miseu imeneyi. Si zoona, ndipo bodzali lidafalitsidwa dala. Mseu wa magalimoto okha-okha wa AVUS ku Berlin udatsegulidwa mu 1921, ndipo ku Italy adatsegula wocokera ku Milan kupita ku Varese mu 1924. Mu 1926 kudakhazikitsidwa bungwe lokonza mapulani a mseu wolumikiza Hamburg, Frankfurt ndi Basel. Pa 6 August 1932 Konrad Adenauer, mkulu wa mzinda wa Cologne, amene pambuyo pa nkhondo adadzakhala mtsogoleri wa West Germany, adatsegula mseu wa makilomita 20 wopita ku Bonn, wopanda mphambano, wosalola ngolo kapena oyenda pansi. Hitler atatenga ulamuliro mu 1933, boma lace lidatsitsa mseuwo kuti uziwerengedwa monga mseu wamba, kuti ulemu wa kuyamba ugwere iye. Adakumba fosholo yoyamba ku Frankfurt pa 23 September 1933, potsata mapulani amene ena adalemba kale, ndipo cigawo ca pakati pa Frankfurt ndi Darmstadt cidatsegulidwa mu May 1935.

Adalengeza kuti miseuyi idzathetsa ulova. Koma pamene nchito inali pacimake, mu 1936, ogwira nchito pa miseu anali ngati 125,000, pamene osowa nchito mu 1932 anali pafupi-fupi 6,000,000. Pofika 1942, nchito itaima cifukwa ca nkhondo, makilomita ngati 3,800 anali atatha, ndipo magalimoto oyendapo anali ocepa, pakuti munthu wamba analibe galimoto. Kuti tione kukula kwa nchitoyo, tikumbuke kuti m'zaka zomwezo ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi Zimbabwe, anali kuyala timizere tiwiri ta phula, kamzere ka magudumu a kumanja ndi ka a kumanzere, ndipo magalimoto akakomana ali yense anali kusiyira mnzace kamzere kamodzi.

Tsopano tafika pa munthu wa m'nkhalango uja. Boma la Hitler linali kupereka ndalama kwa makampani awiri, Mercedes-Benz ndi Auto Union, kuti magalimoto ao a mpikisano aonetse maiko onse mphamvu ya Germany. Pa 28 January 1938 mseu wa pakati pa Frankfurt ndi Darmstadt udatsekedwa kuti ayeserepo liwiro. M'mamawa, kukali bata, Rudolf Caracciola wa Mercedes adafika makilomita 432.7 pa ora. Palibe amene adaposa liwiro limenelo pa mseu wa anthu onse kufikira 2017, ndipo galimoto yaceyo ndinaiona itapacikidwa pa khoma ku Stuttgart, yosalala ngati nsomba. Dzuwa litakwera mphepo idayamba, koma Bernd Rosemeyer wa Auto Union adalowabe m'galimoto yace kuti alande ulemuwo. Ali pa liwiro loposa makilomita 400, galimoto idapatuka pa malo pamene nkhalango iri ndi mpata, ndipo ambiri amati mphepo yodzera m'mbali ndiyo idaikankha. Adaponyedwa kunja nafera pomwepo. Anali wa zaka 28, ndipo adasiya mkazi ndi khanda losakwana miyezi itatu.

Munich ndi Wolfsburg

Ku Munich ndinaona zinthu ziwiri. Coyamba ndi galimoto yeni-yeni ya Benz ya 1886, imene iye mwini adapereka ku Deutsches Museum mu 1906; ya ku Stuttgart ndi yofanizira cabe. Caciwiri ndi nyumba ya BMW, yotsegulidwa mu 1973, yomangidwa ngati mbale yaikulu. Kampaniyi idayamba mu 1916 ndi injini za ndege. Pangano la mtendere la 1919 litaletsa nchito imeneyo, idatulutsa njinga yamoto mu 1923, ndipo galimoto yace yoyamba, Dixi, inali Austin Seven ya ku Britain yopangidwa mwa cilolezo. Mu 1959 idatsala pang'ono kugwa ndi kugulidwa ndi Daimler-Benz. Dzina limene lero limveka ngati la cuma cokha-cokha lidalawa umphawi.

Kucokera kumeneko ndinayenda makilomita ngati 600 kumpoto kukafika ku Wolfsburg. Mzinda umenewu kunalibe caka ca 1938 cisanafike; udamangidwa cifukwa ca fakitale imodzi. Hitler adalonjeza galimoto ya anthu wamba, ndilo tanthauzo la dzina lakuti Volkswagen, pa mtengo wa ma Reichsmark 990, ndipo Ferdinand Porsche ndiye adakonza kapangidwe kace. Anthu adauzidwa kuti azipereka ma Reichsmark 5 sabata liri lonse pogula masitampa omata m'kabuku. Oposa 330,000 adacita zimenezo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene adalandira galimoto pa kabukuko, pakuti nkhondo itayamba mu 1939 fakitale idatembenukira ku magalimoto a asilikari ndi zida. Anthu ngati 20,000, amuna ndi akazi, ambiri a iwo ocokera ku Poland ndi ku Soviet Union, adagwira nchito ya cibalo m'menemo. Lero m'kati mwa fakitaleyo muli cikumbutso cao, m'cipinda cimene anthu anali kubisalamo pothawa mabomba. Mu 2000 boma la Germany ndi makampani adasonkha ma Deutsche Mark 10,000,000,000 kuti apepese nao anthu a cibalo amene anali akali moyo.

Mu 1945 fakitaleyo, yogumuka mbali zina, idagwa m'manja mwa asilikari a ku Britain. Major Ivan Hirst, wa zaka 29, adakopa akulu ace kuti aitanitse magalimoto 20,000, ndipo nchito idayambanso. Kagalimoto kobulungira kaja, kamene m'Cingerezi amati Beetle, ndiko kuti cikumbu, kadafika pa 1,000,000 mu 1955. Mu 1972 kadaposa ciwerengero ca Ford Model T. Ndipo pamene kotsiriza kadatuluka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu July 2003, tonse tinali toposa 21,500,000. Kuyambira 1951 anali kukalumikizanso ku Uitenhage, ku South Africa, ndipo ambiri a ife tidakwerapo kapena kukankhapo kamodzi. Kadakondedwa m'maiko onse cifukwa injini yace inali yosafuna madzi, yosabvuta kukonza ngakhale pansi pa mtengo, liwiro kanalibe.

Tsiku limene ndinathamanga

Tsopano ndinene za liwiro langa. Lero autobahn ndi yoposa makilomita 13,000, ndipo pa magawo ngati 7 mwa magawo 10 a mtunda umenewo palibe malire okhazikika. Pali liwiro limene boma limangolangiza, la makilomita 130 pa ora, lokhazikitsidwa mu 1978. Wopitirira pamenepo salipitsidwa, koma akacita ngozi bwalo la milandu lingathe kumsenzetsa mbali ya mlandu ngakhale wolakwa ali wina. Malole saloledwa kupitirira 80.

Pobwerera ku Frankfurt, Lamulungu m'mawa, tsiku limene malole akulu saloledwa kuyenda, mseu uli wouma, ndinaponda kufikira singano inagwira 200. Ndinene zoona, mtima unakondwa. Koma maso sanapume. Pa liwiro limenelo galimoto imadya mamita 55 pa sekondi imodzi, ndiye kuti bwalo la mpira limatha m'masekondi awiri. Ndipo mtunda umene buleki ifuna kuti iimitse galimoto ndi wotalika kanai kuposa wa pa liwiro la 100. Ndiri m'kati modziyesa katswiri, m'galasi munaoneka nyali ziwiri kutali, ndipo ndisanaphethire kawiri zinali pamsana panga. Ndinabwerera kumanja, galimoto ija ndi kundipitirira ngati ndaima. Patapita mphindi zocepa, a kutsogolo anayatsa nyali zonse zinai zophethira, cizindikiro cakuti mseu wadzaza. Tonse tinacepetsa, ndipo popanda wapolisi wotiuza, a mu mzere wa kumanzere anasendera kumanzere, ena onse kumanja, pakati ndi kutsala njira ya ambulansi. Tinakhala pamenepo mphindi 40. Ndinatenga pensulo ndi kucita masamu aja ana a sukulu anali kundithawitsa: makilomita 100 pa liwiro la 130 atenga mphindi 46, pa liwiro la 160 atenga mphindi 37 ndi theka. Phindu lonse silifika mphindi 9, ndipo petulo apita wambiri.

Pamenepo ndinayamba kuzindikira zimene zimalola anthu amenewa kuthamanga. Mseu wao ulibe mphambano, ulibe ng'ombe, njinga kapena oyenda pansi, ndipo pakati pace pali mpanda wa citsulo wolekanitsa opita ndi obwera. Kupitirira mnzako kumanja ndi koletsedwa. Kuima popanda cifukwa ndi mlandu, ngakhale kuima cifukwa ca kutha kwa petulo, pakuti amati unayenera kudziwiratu. Wofuna laisensi ayenera kulowa sukulu ya oyendetsa, ndipo mwa maphunziro ace muli 12 osathawika: asanu pa miseu ya kumidzi, anai pa autobahn, atatu usiku. Galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pace zaka ziwiri ziri zonse.

Mwambo umenewu adaugula ndi maliro. Mu 1970 anthu oposa 21,000 adafa pa miseu ya Germany yonse, kum'mawa ndi kumadzulo. Pamenepo West Germany idaika malire a makilomita 100 pa miseu ya kumidzi mu 1972, malire a mowa mu 1973, ndi lamulo la lamba mu 1976. Mu 2023 akufa anali osafika 3,000, ngakhale magalimoto adaculuka katatu, ndipo mwa akufawo ngati mmodzi yekha mwa khumi adafera pa autobahn. Ngakhale ziri tero, eni dziko sagwirizana pa nkhaniyi. Ambiri afuna malire a 130 monga ku France. Nyumba yao ya malamulo idakana pempho lotero mu 2019, ndipo mkanganowo ukalipobe.

Zimene ndinabwera nazo

Abale anga, magalimoto omwewo amene ndinaona ku Stuttgart ndi ku Munich amafika kwathu kuno, singano zao zolembedwa 240 kapena 260. Koma sadza ndi mseu wao. Mseu wa ku Lilongwe ndi Blantyre, wa ku Lusaka ndi Chipata, wa ku Harare ndi Beitbridge, yonseyo imadutsa pakati pa misika, ndipo m'mbali mwace muli ana a sukulu, mbuzi, ndi njinga zosenza makala. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti anthu ngati 1,190,000 amafa pa miseu ya dziko lonse caka ciri conse, ndi kuti poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu, Africa ndiye ataya ambiri koposa, ngakhale magalimoto ace ndi ocepa. Cimene tiyenera kusirira kwa anthu a ku Germany ndico cipiriro ca amisiri ao, sukulu ya oyendetsa, kuyesa mabuleki ndi matayala pa nthawi yace, ndi kumvera lamulo ngakhale wapolisi palibe. Zimenezi sizifuna mseu wa simenti. Tingathe kuziyamba mawa.

Ndikakumbukira ulendowu ndimaona anthu awiri. Bernd Rosemeyer adayenda makilomita oposa 400 pa ora, namwalira wa zaka 28. Bertha Benz adayenda osapitirira 16, nafika ku Pforzheim ndi ana ace onse awiri, nakhala ndi moyo kufikira 1944, wa zaka 95. Akulu athu adanena kale kuti kuthamanga sikufika. Kukonda injini sindinaleke, ndipo ndikamva lole irikukwera citunda ndimachera khutu monga kale. Koma phazi langa la kumanja laphunzira ulemu.

 Muyende bwino, ndipo mukafike.